Nsungwi Zosaboola

Ku Chelstone aliyense wofuna nsungwi zosafumbwa ankapita kwa ba Chisenga, mayi wamasiye wochokera ku Luapula. Anali aafupi, osabisa mawu, zala zokhakhala ndi mankhwala. Ntchitoyi anaiphunzira pa fakitale ina yonyika matabwa a paini, ndipo atawachotsa anagula thanki yakale n'kuyamba kunyika nsungwi kuseri kwa nyumba. Galimoto analibe, chikwangwani analibe. Chomwe chinkawadyetsa ndi mbiri yawo basi.

Nsungwi ili ndi mfundo zotseka m'kati. Usanainyike umalowetsa chitsulo chachitali n'kuboola mfundo zonse, apo ayi mankhwala amangonyambita kunja. Ndi ntchito yopha phewa, ndipo la ba Chisenga linafikadi pokana. Chitsulo anachipereka kwa mlamu wawo Imelda, amene anamusunga zaka zitatu ukwati wake utatha. Anamuphunzitsa zonse, ngakhale kasakanizidwe ka mankhwala kamene ana awo enieni sankakadziwa.

Kenaka ba Davies, mwini malo odyera ku Kabulonga, anawapatsa ntchito ya denga la khonde. Anati likapirira dzinja limodzi, mpanda wonse ndi tinyumba ta alendo zidzakhala zawo. Imelda anaboola, ba Chisenga ananyika sabata yathunthu.

Mvula itatha ba Davies anawaitana. Pamatebulo panali mbuu, fumbi la nsungwi ngati ufa. Ba Chisenga anasolola nsungwi imodzi n'kuing'amba ndi chikwanje. Mfundo yoyamba inali yoboola bwinobwino, yomaliza chimodzimodzi, koma zapakati zonse zinali zotseka, m'kati mouma gwa. Anang'amba yachiwiri, yachitatu. Munthu waulesi saboola mwanzeru chonchi. Mtima unawawa koopsa, komabe anaganiza zomubisa Imelda, mwana wa eni ake.

"Ba Davies, mistake ni yanga," anatero. "Nizachosa zonse, niikepo zina."

"Osavutika, ba mayo," anayankha ba Davies. "Mulamu wanu anabwela last week. Anakamba ati mwakalamba, mankhwala yanu ni manzi chabe, anakuuzani koma simumvela. Fence na ma chalet tapasa yeve."

Ba Chisenga anakwera minibasi chikwanje chili m'chikwama. Atafika kunyumba anapeza chipinda cha Imelda chili chosesasesa, pakhoma patsala misomali yokha. Kuseri thanki inalipo, koma chitsulo choboolera chinali chitapita.