Nsomba Imene Tinangoipatsa Moni

Ine ndine munthu wa nkhawa, ndisabise. Mwana akangotsokomola kamodzi, ndimakhala nditayamba kale kufunafuna nsapato zoti tithamangire kuchipatala. Ndiye tsiku limene bambo a mwana anabwera kuchokera kuntchito ku Dudley, kudziko la azungu kuno, n'kunena kuti nesi mnzawo wachizungu wawaitana kukawedza nsomba zotchedwa trout kumtsinje wa Teme, funso langa loyamba linali lakuti, "Mulibe ng'ona mmenemo?"

Anaseka mpaka kukhala pansi.

Mantha atatha, ndinakumbukira Anti. Awa ndi mayi wachikulire wa kutchalitchi kwathu, amene anandisamala nditangobereka, amayi anga ali kutali kumudzi. Kwawo n'ku Nkhotakota, ndipo akayamba kusimba za mpasa wa mumtsinje wa Bua, tiyi amachita kuzizira. Nsomba za m'firiji zimene timagula ku Foleshill amati zimamveka katoni. Ndinkafunitsitsa kuwathokoza ndi chinthu chenicheni, choncho ndinawaimbira foni.

"Anti, Lamlungu musaphike. Mudzadya nsomba ya mumtsinje, yadzulodzulo."

Loweruka ndinapita nawo bambo a mwana kumtsinjeko, dzanja lina mwana, lina bokosi la ayisi, mpeni ndi mchere zili momwemo. Mzungu uja anayang'ana bokosilo n'kumwetulira. Ine ndimvekere, kapena akuona kuti lachepa.

Kawedzedwe kakenso! Nyongolotsi palibe. Pambedza amamangapo tinthenga tooneka ngati ntchentche, n'kumaponya chingwe uku ndi uku ataima m'madzi ofika m'ntchafu. Bambo a mwana anayamba ndi kukola nthambi ya mtengo, kenako chipewa chawo chomwe. Ine ntchito inali kukoka mwana pajuzi kuti asayandikire madzi.

Dzuwa litapendeka, ndodo yawo inapindika. Nsomba! Yamawangamawanga, yonenepa bwino. Ndinatsegula bokosi msangamsanga. Mzungu ananyowetsa manja, n'kuichotsa mbedza mwaulemu ngati akuchotsa diripi pamkono wa wodwala. Anawajambula bambo a mwana ataigwira, kenako anaiika m'madzi. Inapukusa mchira, basi, zii.

"Mayo ine! Yathawa!"

"Sinathawe, mayi a mwana," anatero amuna anga motsitsa mawu. "Ndi lamulo la kalabu yawo pamalo ano. Ukagwira, umabweza."

"Ndiye ulendo wonsewu tabwera kudzaipatsa moni?"

Pobwerera tinaima pasitolo, ndinagula trout yokuta m'pulasitiki. Lamlungu ndinaikazinga ndi tomato ndi anyezi. Kunama sindinkafuna ayi, ndinangoganiza zosaulula kumene yachokera.

Anti anasamba m'manja, anapemphera, n'kunyema kachidutswa. Asanameze n'komwe, mwana analoza m'mbale.

"Daddy put the fish back in the river!"

Anti anasiya kutafuna n'kundiyang'ana. Ndinafotokoza zonse, za tinthenga, za chithunzi, za bokosi limene linabwerera ndi madzi okhaokha. Ndinkadikira kuti akhumudwe. Koma anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Mwana wanga, katoni ndinamumva kalekale, ndimangokusungira ulemu." Kenako anatembenukira kwa amuna anga. "Bambo, ulendo wina munditenge. Inu ndi mzungu wanuyo muzikabweza kumtunda, ine ndikakhala kumunsi nditatchera chitenje."

Nsomba anadya yonse ndithu. Mutu anati ndiwakulungire, akamalizire kunyumba.