Zaka Zisanu Pambali pa Kavalo

Pochoka ku Tembwe ndinauza anthu kuti ndikupita ku Lusaka kukafuna ndalama yogulira mwana wanga Tiyezge njinga ya olumala. Silinali bodza, koma sichinali chifukwa chonse. Ndinali nditatopa. Tiyezge anabadwa ndi miyendo youma ndi khosi lofooka, ndipo anafika zaka zinayi asanakhalepo tsonga payekha. Basi itanyamuka pa Chama mtima wanga unapepuka, ndipo kupepuka kumeneko kumandisowetsa mtendere mpaka lero.

Ntchito ndinaipeza pa famu ina kunja kwa tauni, yowola ndowe m'khola la akavalo, nyama zimene kwathu kuchigwa ndinali ndisanazionepo. Loweruka lililonse makolo ankabweretsa ana olumala kuti akwere akavalowo. Mayi woyang'anira anandifotokozera kuti kavalo akamayenda pang'onopang'ono, chiuno cha mwana chimagwedezeka ngati akuyenda yekha, msana n'kumalimba. Patapita miyezi anandichotsa m'khola kuti ndiziyenda pambali pa kavalo, dzanja lili pantchafu ya mwana kuti asagwe.

Ntchitoyo ndinaidziwa bwino. Ndinkadziwa mwana amene amaopa kavalo akapukusa mutu, ndi amene safuna chipewa cholimba choteteza mutu mpaka umuimbire kaye. Tsiku lina Mutinta, mtsikana wa msinkhu wa Tiyezge, anawongola msana koyamba. Amayi ake analira ali kumpanda, kenako anadzandigwira manja.

"Bambo, muli ndi mtima wa ana. Ana anu ali ndi mwayi."

Ndinangoti zikomo. Pa famu yonseyo palibe amene ndinamuuza kuti nanenso ndili ndi mwana wotere.

Ndalama ndinkatumiza pa foni, ndipo njinga ya olumala inagulidwa chaka chachiwiri. Mkazi wanga, NyaGoma, akaimba ankati, "Lankhulani naye, akumva." Ndinkamva kupuma kwa mwanayo ndi mawu ake okoka, ine n'kunena kuti netiweki yavuta. Khirisimasi iliyonse ndinkati ntchito yachuluka. Ndinkaidyera ndekha m'kachipinda kanga kuseri kwa khola.

Ndinabwerera chaka chatha, osati chifukwa cha chisoni, koma chifukwa famu inagulitsidwa. M'basi ndinkalingalira mmene ndikamuphunzitsire Tiyezge zonse zimene ndinkadziwa. Ndinkadziona ngati munthu wobwera ndi mphatso.

Ndinafika masana, iye akuchokera kusukulu. Njinga ya olumala inali pakhonde, chifukwa mumchenga wakwathu imatitimira. Mlamu wanga anali atakhomera kampando ka matabwa kumbuyo kwa njinga yakapalasa, ndipo anthu anagawana masiku omupalasa: mlamuyo, aphunzitsi a mwanayo, azimayi awiri a kumpingo, ndi NyaGoma tsiku lotsalalo. Tiyezge anali atakhala chowongoka pakampandoko, atagwira malaya a aphunzitsi. Mabampu a njira ya kusukulu anali atachita zimene ine ndinkati ndikubwera kudzachita.

Ndinathamanga kukamutsitsa mmene ndinkatsitsira ana a eni, manja m'khwapa. Thupi lake lonse linauma.

"Adada," anatero mokoka, "osati uko. Kumawawa."

NyaGoma anabwera, namunong'oneza kanthu, n'kumutsitsa atamugwira m'chiuno. Sanandikalipire.

"Phewa limenelo linaguluka atagwa pakhonde, chaka chachitatu muli uko," anatero. "Ndinakuuzani pa foni."

Ndinayesa kukumbukira, koma sindinakumbuke.

Madzulo mlamu wanga anabwera kudzandilonjera. Ndinamuuza kuti manje ndabwera, mwana ndizimuperekeza ndekha kusukulu tsiku lililonse. Anayang'ana NyaGoma, NyaGoma anayang'ana Tiyezge. Mwanayo anaganiza kwa nthawi, akuwerenga ndi zala zake zopindika.

"Lachinayi," anatero. "Amama amatopa Lachinayi."

Ndilo tsiku limene ndinapatsidwa. Masiku enawo ali ndi eni ake.