Mabelo Okhala ndi Makolo

Nditabwerako ku sukulu ya zamakompyuta, alimi a kalabu yathu ku Wimbe anandipempha kuti ndiwalembere pulogalamu ya pafoni yosanja mabelo a fodya m'lole yopita ku okushoni. Ndinavomera msanga, poti digiri inkandiyabwa.

Polemba pulogalamu, zinthu timaziika m'magulu, gulu lina n'kubala linzake. Ine ndinachita kunyanya. Gulu la belo linabala fodya wa bale, wa chikopa ndi wa fuluu. Amenewa anabala ana malinga ndi giredi, anawo n'kubalanso zidzukulu, aliyense ndi khalidwe lakelake. Gulu limodzi likanakwana, giredi n'kungolembedwa pambali, koma nanga anthu akanadziwa bwanji kuti ndinaphunzira?

Chimene ndinachinyozera n'chakuti m'chinenero chimene ndinalembera, foni sidziwiratu mtundu wa chinthu. Muli kainjini kamene kamamasulira pulogalamu ili mkati moyenda. Kakaona mtundu umodzi ukubwera mobwerezabwereza, kamalambula njira yachidule. Kukatulukira mtundu wina, kamataya njirayo n'kuyambiranso. Mitundu ikachuluka kamagwa ulesi, n'kumafunsa belo lililonse kwawo ndi makolo ake. Amayi posankha fodya amateronso: masamba akafanana manja amathamanga okha, akasakanikirana amayang'ana limodzilimodzi.

Ine ndinayesera pa mabelo a abambo okha, onse a giredi imodzi. Pulogalamuyo inkathamanga ngati njinga pamtsetse.

Tsiku la lole, alimi anabwera ndi fodya wa mitundu yonse. Dalaivala ananeneratu kuti dzuwa likafika paliwombo anyamuka. Abambo, omwe mabelo awo anali oyamba pamzere, anawakokera kumbuyo.

"Yambani inu," anauza anzawo. "Makinawa ndi a mwana wanga, ine sindingatsale."

Ndikalowetsa belo, foni inkayamba yaganiza kaye. Inatentha ngati mbatata yootcha, ine thukuta lili kamukamu, manyazi atandigwira. Anthu anatopa n'kuyamba kukweza mongoyang'ana ndi maso, monga ankachitira chaka chilichonse, aliyense akulimbirana malo. Lole inadzaza n'kupita. Pansi panatsala mabelo a abambo okha.

Tinawakweza pangolo kubwerera nawo kuchigafa. Njira yonse abambo sanandikalipire, ndipo zimenezo n'zimene zinandiwawa kwambiri. Pamphambano tinakumana ndi mkulu wa mpingo wathu, amene anafunsa chifukwa chake fodya akubwerera kumudzi.

"Ndamubweza ndekha," anatero abambo, osandiyang'ana n'komwe. "Sanaume bwino."

Fodya ameneyo ndinathandiza nawo kumudinda pajeke. Anali wouma kuposa wa wina aliyense.