Nthungululu za Amayi pa Ayezi

Ndikukumbukira chilimwe changa choyamba mu Doha, ndili kamtsikana ka sitandade sikisi kongofika kumene kuchokera ku Chinamwali, ku Zomba. Ababa ankagwira ntchito mu ofesi ya hotela ina ku Onaiza, ndipo mapepala atatheka anatiitanitsa ine ndi Amayi. Tinkakhala m'tizipinda tiwiri kuseri kwa chinyumba china ku Madinat Khalifa. Kunja kunali ng'anjo. Ukatsegula chitseko mpweya unkakuwomba kumaso ngati wavundukula mphika wa nyemba, ndipo mumsewu simunkaoneka munthu, koma amphaka owonda atabisala kunsi kwa magalimoto.

Ine ndinangoti ndwii. Ndinalibe mnzanga, ndinalibe posewerera fulaye, chakudya sichinkalowa. Tsiku lina ndinamva Ababa akunong'oneza Amayi kuti ngati sindisintha sukulu zisanatsegulidwe, kuli bwino andibweze ndikakhale ndi azakhali. Amayi ndinangowamva akumina. Kwathu ndinkakusowa ndithu, koma zoti ndisiyane ndi Amayi sindinkazifuna n'komwe.

Lachisanu lina masana eyakoni yathu yoziziritsa m'nyumba inakhosomola kenako n'kufa, Ababa ali ku shifiti. Tinadzikupiza ndi makatoni mpaka Amayi anaimbira foni ankolo Yusufu, mlonda wa pa molo ina yaikulu, chinyumba cha mashopu ambirimbiri. Sanali m'bale wathu, kwawo kunali ku Machinga, koma mu Doha Mmalawi aliyense wamkulu ndi ankolo.

"Bwerani kuno, alamu," anatero pa foni. "Kuno kuzizira n'kwaulere. Yalla, fulumirani, kwerani takisi!"

Anatilandira ali mu yunifomu, natidutsitsa m'mashopu onunkhira mafuta okwera mtengo mpaka tinafika pa bwalo lotchingidwa ndi matabwa ndi magalasi. Pansi pake panali poyera mbee. Ayezi yekhayekha, bwalo lathunthu, pakati pa chipululu! Kamphepo kake kanandikumbutsa m'mawa wa mu Juni m'munsi mwa phiri la Zomba. Pankamveka fungo la mbuliwuli ndi la sokosi zonyowa. Amayi anandifunditsa chitenje, tinakhala pa benchi.

Posakhalitsa panatulukira azibambo otupa mapewa ngati abisa mapilo m'malaya, zipewa zolimba kumutu, ndodo zokhota m'manja, atavala nsapato zokhala ndi mipeni kunsi. Ankolo anatiuza kuti masewerawo ndi hoke, ndipo osewerawo ndi aphunzitsi ndi mainjiniya ochokera kumayiko ozizira, amene amadzapepesa mtima pa wikendi, imene ku Doha imayamba Lachisanu. Ankalimbirana kampira kakuda kaphwatalala, konga chitini cha polishi ya nsapato.

Matimu anali awiri, ofiira ndi obiriwira. Ofiira anabwera ndi akazi awo, ana awo, ngakhale kang'oma. Obiriwira analibe ndi mmodzi yemwe wowachemerera, ndipo zigoli zinkangowagwera ngati mango a mu Disembala. Amayi, amene pa utsikana wawo ankaponya zigoli pa ntchemberembaye, anaonerera pang'ono n'kupukusa mutu.

"Ana amasiyewa ndi athu," anatero, n'kuimirira.

Anayamba kukalipa m'Chichewa chenicheni. "Mutsekereze ameneyo! Iwe wandevu, dzuka, pamenepo si pamphasa!" Azungu a ng'oma aja anacheuka. Ine manyazi anandigwira, ndinadzikwirira m'chitenje n'kusiya kampata ka diso limodzi.

Kampata kameneko ndi kamene kanandigwetsa m'mbuna. Ndinaona munthu akuthamanga chafutambuyo osacheuka. Ndinaona wina akubwera ngati mphepo n'kuima mwadzidzidzi, ayezi n'kuwaza ngati ufa wotayika pa chigayo. Mipeni ija inkalira kuti shwee, ndodo kuti khwa, matupi kugunda matabwa kuti phu, benchi yathu n'kunjenjemera. Kenako chimunthu china chofiira chinakola mnzake mwendo ndi ndodo. Woimbira analiza wezulo, nachilozera kakhola ka magalasi pambali pa bwalo. Bambo wamkulu, wa msinkhu wa Ababa, anakalowa n'kukhala yekhayekha atazolika, ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

"Eya, akhale momwemo aganize bwino," anatero Amayi.

Ndinaphulika nako kuseka. Kunali kuseka kwanga koyamba chitsikireni ndege. Amayi anandiyang'ana chamchira wa diso n'kupitiriza kukalipira wandevu uja.

Masewera ali pafupi kutha, wobiriwira wina wochepa thupi analanda kampira pakati pa bwalo. Anazemba woyamba, anazemba wachiwiri, anatsala ndi goloboyi yekha. Sindikudziwa kuti chitenje chinagwa nthawi yanji. Ndinangopezeka ndaimirira pa benchi ndikukuwa kuti, "Menya! Menya!" Anamenyadi, ukonde n'kugwedera.

Apo Amayi anaika dzanja pakamwa n'kutulutsa nthungululu za pa chinkhoswe, zazitali, zakuthwa, zomveka mpaka ku mashopu a golide. Bwalo lonse linati zii. Woimbira anazungulirazungulira kufunafuna amene wavulala. Mlonda wina wa ku Nepal anabwera chothamanga ndi kabokosi ka mankhwala, ankolo Yusufu ali pambuyo pake, misozi ya phwete ili mbwembwembwe.

"Khalas, basi, palibe wafa!" ankatero. "Kwathu tikakondwa timatero!"

Obiriwira aja atamvetsa, anabwera onse kutsogolo kwa benchi yathu, nandanda, n'kuyamba kugogoda ayezi ndi ndodo zawo. Ankolo anati kumeneko ndiye kuwomba m'manja kwa anthu a hoke. Wandevu uja anawerama mpaka anatsala pang'ono kugwanso. Obiriwirawo anagonja ndithu tsiku limenelo, ndi zigoli zochititsa manyazi, koma ife tinatuluka ngati tanyamula chikho.

M'takisi ndinalongolola njira yonse. Ababa atabwera ndinawaonetsa chigoli chija ndi tsache ndi chivindikiro cha botolo, mpaka ndinaswa kapu. Madzulo amenewo ndinadya n'kupempha china. Ababa anayang'ana Amayi, Amayi anayang'ana kudenga, ndipo nkhani ya kwa azakhali sinamvekenso. Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse tinkapezeka pa benchi ija titamanga maduku obiriwira. Malamulo a hoke ndinawaphunzira limodzilimodzi kwa kamtsikana kena ka ku Canada, kamene kanadzakhala mnzanga woyamba m'dziko lino.

Lero zinthu zinasintha. Osewera aja anabalalika makontirakiti awo atatha, monga zimakhalira mu Doha, ndipo malaya obiriwira akuvalidwa ndi anthu ena. Ana a masiku ano amaonera matimu akuluakulu a kunja pa foni ali chigonere. Ine ndimapitabe ku bwalo ndikaweruka. Amayi anabwerera ku Chinamwali, komwe amayi anzawo a ku chigwirizano ankati akunama akamasimba za azibambo othamanga pa mipeni m'chipululu. Tsiku lina ndinawaimbira foni ya vidiyo masewera ali mkati, iwo n'kusonkhanitsa anzawo onse pakhonde. Mitu inathithikana pa kagalasi, mpaka mayi wina anafunsa kuti, "Nanga mpirawo uli pati?"

"Inenso sindinauonepo chiyambire," anayankha Amayi. "Inu ingochemererani obiriwirawo."