Sitima ya ku Durban ndi Chigayo cha Tsidya la Msewu

Kwathu ku Mlangeni, dziko la Mozambique limayambira pomwe pathera tala wa msewu. Ukaima pakhomo pa amayi anga n'kuyang'ana kumadzulo, nyumba zimene ukuzionazo ndi za dziko lina. Chigayo chimene timagayitsako chili komweko. Ndinakula ndikuwoloka msewuwo dengu lili pamutu, ndipo palibe anandifunsapo pepala. Tinkangoopa malole basi. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse kupusa kumene ndinachita, ine munthu wa setifiketi ya ku koleji, imene amayi anaiika m'felemu n'kuikoleka pabalaza.

Achemwali anga, amene ndinapondana nawo, amagwira ntchito yoyala mabedi m'sitima yapamadzi yonyamula anthu okasangalala, imene imanyamukira ku Durban. Tsiku lina anandiimbira foni ndili kuntchito, pa shopu ya fotokope ku Ntcheu boma. Mwana wanga wamkazi, wa zaka zitatu, anali pamphasa pansi pa kauntala, pomwe ankakhala tsiku lililonse.

"Khala pansi," anatero achemwali.

"Ndakhala kale."

"Atilola kuitana abale awiri. Masiku anayi panyanja, kudya ndi kugona momwemo. Ndalemba iwe ndi mwana."

Ndinaimirira, n'kukhalanso pansi. Bambo wina amene ankadikira mapepala ake anandifunsa ngati kwachitika zovuta. Ndinamuuza kuti ayi, ndikupita kukakwera sitima. Anandiyang'ana ngati ndadwala mutu.

"Nanga sitimayo imapita kuti?" ndinafunsa.

"Ku kachilumba ka ku Mozambique."

Ndinaseka mpaka mwana anadzuka. "Achemwali, mukufuna ndikwere basi masiku awiri kuti ndikaone Mozambique? Ndinali konko Lamlungu, ndagulako kabichi."

"Iwe, Mozambique wa kabichi ndi wina. Uyu ndi wa mchenga woyera ngati ufa wako wa m'chigayowo."

Sabata isanathe, Ntcheu yense anali atadziwa. Ndinauza a kwaya, ndinauza amayi ogulitsa tomato, ndinauza ngakhale kondakitala wa minibasi ya ku Mlangeni. Pa kaunjika ndinapeza kachovala kosambira ka mwana, kachikasu, kokhala ndi nsomba pachifuwa. Ndinkamuveka m'nyumba n'kumukhazika m'bafa lochapira, ine n'kumaligwedeza kuti azolowere mafunde.

Achemwali ananditumizira pafoni chikalata cha masamba anayi chofotokoza zoyenera kukhala nazo. Tsamba loyamba linati ife a pasipoti ya Malawi sitifunika viza paulendo waufupi ngati umenewu, bola pasipoti ikhale ndi masamba opanda chidindo komanso isakhale yotsala pang'ono kutha. Mawu akuti viza ndi amene ankandiopsa, ndiye nditangoona kuti sikufunika, mtima unakhala pansi. Tsamba lachiwiri linali la zovala zoyenera pa chakudya chamadzulo, ndipo limenelo ndinaliwerenga kasanu. Chikalatacho ndinachisindikiza kuntchito, ndinachikutira ndi pulasitiki bwinobwino, n'kuchiika m'chikwama. Tsamba lachinayi sindinaliwerenge. Ndikuvomera.

Pasipoti yanga ndinalembetsa msanga, ndipo inatuluka nthawi ilipo. Za mwana ndinafunsa amayi, nawo anayankha mosakayika kuti mwana amayendera pa pasipoti ya mayi ake. Azakhali anga anapita ku Zimbabwe kalekale ndi ana atatu pa buku limodzi. Ine ndinakhulupirira chifukwa zinkagwirizana ndi zimene maso anga anaona kuyambira ndili mwana: mwana wa kumbuyo amawoloka malire ali mtulo.

Kutatsala masabata atatu, achemwali anaimbanso.

"Unditumizire chithunzi cha pasipoti ya mwana. Ofesi ikuchifuna lero."

Ndinatembenukira kwa mwana, amene analibe pasipoti.

"Ukundimva?"

"Achemwali, si ayendera pa yanga?"

"Tsamba lachinayi unawerenga?"

Ndinatulutsa chikalata chija m'pulasitiki yake yonyezimira. Zonse zinalembedwa momveka: mwana aliyense akhale ndi pasipoti yakeyake, kalata ya kubadwa, ndipo ngati akuyenda ndi kholo limodzi, kalata yolumbirira ya kholo linalo.

"Ndiye setifiketi ija anakupatsa ya chiyani?" anatero achemwali. "Ine wa Fomu 2 ndinawerenga onse anayi."

M'mawa mwake ine ndi amuna anga tinakwera minibasi ya ku Lilongwe, mwana ali pamiyendo. Ku ofesi yoona za mapasipoti tinapeza mayi wina waulemu, amene anatimvetsera mpaka ndinamaliza. Atafunsa kalata ya kubadwa, ndinamupatsa khadi ya kusikelo. Ndinali wonyada nayo khadi imeneyo, katemera yense analimo, mzere wa kulemera kwa mwana ukungokwera.

"Mwana mukumusamala bwino, mayi," anatero akundibwezera. "Koma iyi ndi ya kuchipatala. Muyambe mwalembetsa kalata ya kubadwa kwanu ku boma, ikatuluka mubwere nayo. Kunena zoona, masabata atatu sakwana."

Tinabwerera chimanjamanja. Nkhani inali itatsala imodzi: ndipite ndekha, kapena ndisapite.

Apa ndiyenera kuulula china. Chibadwire mwana ameneyu, ndinali ndisanamusiyepo ndi munthu aliyense, ngakhale kwa tsiku limodzi. Akagona masana ndinkaika chala pamphuno pake kuti ndione ngati akupuma. Akatsokomola kamodzi, ine ndili kale pa mzere kuchipatala, moti anamwino anayamba kundipatsa moni ndisanalowe. Tikapita ku Mlangeni, amayi akamunyamula, ndinkaima pambali manja ali chire ngati amugwetsa. Tsono ulendo umenewu unali wa masiku asanu ndi anayi, kuphatikiza a pa basi.

"Sindipita," ndinauza amuna anga.

"Chabwino, mayi ake," anatero. "Ndiye zovala zosambira munagulazo muzikasambira nazo mumtsinje wa Mpamadzi. Ine ndiziimba lipenga la sitima pamlatho."

"Musandiseke, bambo ake."

"Sindikuseka. Mwezi wathunthu mwatisowetsa mtendere ndi sitima. Mwana akakhale kwa agogo ake. Ine ndizikamuona Loweruka."

Amayi nditawauza zoti ndikuopa, anakhumudwa. "Ndalera ana asanu m'mphepete mwa msewu womwewu. Ndi uti amene anasowa mwendo?"

Ndinavomera, koma ndinachita zanga. Ndinakhala pa kompyuta ya kuntchito n'kulemba malamulo a kasamalidwe ka mwana, masamba awiri: nthawi ya phala, madzi owiritsa, masikito, zoti asadye zitumbuwa za pamsewu. Nawonso ndinawakutira ndi pulasitiki. Lamulo loyamba ndinalilemba ndi zilembo zikuluzikulu: MWANA ASAWOLOKE MSEWU. Amayi anawerenga mpaka pansi, milomo ikuyenda, kenako anatsomeka mapepalawo kuseri kwa felemu ya setifiketi yanga.

"Akhale ndi mnzake," anatero.

Tsiku lonyamuka ndinalira kuchokera pa Mlangeni mpaka pa Nsipe. Koma nditakwera basi yaikulu ku Blantyre, chimwemwe chija chinabweranso chokha, ndipo ndinachita nacho manyazi pang'ono. Titadutsa Mwanza, wapolisi wa zolowa ndi kutuluka wa ku Mozambique anatsegula pasipoti yanga yatsopano n'kumenyamo chidindo. Ndinachiyang'anitsitsa chidindocho. Zaka zonsezi ndakhala ndikulowa m'dziko lawo ndi dengu la chimanga, lero ndiye andilemba. Patsogolo panga panali mayi wina wa khanda, ndipo anamufunsa mapepala onse atatu a patsamba lachinayi lija, limodzilimodzi. Ndinayang'ana pansi.

Za Zimbabwe ndi Joni ndikumbukira mizere ndi kutupa kwa mapazi basi. Koma Durban sindidzaiwala. Ndinkafunafuna sitima kudoko osaiona, chifukwa chinthu choyera chimene chinali patsogolo panga ndinkachiyesa hotela. Achemwali anandipeza nditayasama, iwo ali mu yunifomu yosita bwino.

"Tseka pakamwa, ukundichititsa manyazi," anatero, koma akundikumbatira mpaka kundipweteka nthiti.

Polowa anatilanda mapasipoti kuti asunge, n'kutipatsa aliyense kakhadi ka pulasitiki kokoleka m'khosi. Kakhadi kameneko ndiko kanali kiyi wa chipinda, ndiko kogulira zinthu, ndikonso kotulukira ndi kulowera m'sitima. Ndinkakagwira pafupipafupi ngati mmene ndimagwirira mphumi ya mwana. Sitima isananyamuke anatisonkhanitsa tonse n'kutiphunzitsa kuvala majekete oyandamitsa, ndipo ndikhulupirira kuti ine ndekha ndi amene ndinkalemba notsi.

Lipenga litalira, ndinamva sitima ikunjenjemera pansi pa mapazi anga, mzinda n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Ndinakuwa limodzi ndi anthu osawadziwa. M'sitimamo munali zikepe zokwerera m'mwamba, madamu osambiramo pamwamba penipeni, ndi chakudya chimene sichinkatha. Tsiku loyamba ndinasochera kanayi. Ndinadya zinthu zimene mayina ake sindikuwadziwa mpaka lero. Ndinavina ndi amayi ena a ku Joni amene anandipatsa dzina loti Malawi.

Koma panyanja panalibe netiweki. Achemwali ankatha kulandira mauthenga olemba okha, ndipo amuna anga ankangolemba kuti "ali bwino", chikhalirecho iwo ali ku boma, mwana ali ku Mlangeni. Ndikaona kamwana ka wina kakuthamanga m'mbali mwa damu, ndinkasiya kudya n'kumakayang'anitsitsa. Kachovala kachikasu kaja ndinali nditakatenga, sindikudziwa chifukwa chake.

Tsiku lachitatu m'mawa tinafika pa chilumba chija. Sitima inaima patali chifukwa madzi a kugombe ndi osaya, ndiye ankatitenga pa timaboti, anthu ochepaochepa. Potuluka ankagunditsa kakhadi kaja pa makina, n'kutichenjeza kuti boti lomaliza libwerera 4 koloko, wochedwa adziwa yekha chochita m'dziko la eni. Achemwali anatsala, anali ndi mabedi awo.

Mchenga unalidi ngati ufa woyera. Pansi pa mitengo panali anthu ogulitsa nsalu, nkhanu zowotcha ndi zibangili. Nditamva mmene ankayankhulira, ndinazindikira Chipwitikizi cha kuchigayo kwathu. Ndinapereka moni monga timachitira kutsidya, n'kufunsa mtengo wa nsalu. Mayi wogulitsayo anaseka, nanditsitsira. Amayi a ku Joni aja anayamba kundilondola paliponse: "Malawi, tifunsire ichi. Malawi, tifunsire icho." Kwa nthawi yoyamba paulendo wonsewo, amene ankadziwa njira ndinali ine.

Ndikufufuza ndalama zachitsulo za ku Mozambique zimene zimangokhala m'kachikwama kanga, ndinakhudza kanthu kolimba pakona. Inali simukhadi ya kutsidya. Ku Mlangeni ambiri tili nayo, chifukwa nthawi zina netiweki ya kutsidya ndi imene imagwira bwino. Ndinaiika m'foni. Ndinadikira. Timizere tiwiri tinatulukira pakona.

Ndinaimbira amayi, ndipo anayankha foni italira kachitatu. Kumbuyo kwawo kunkamveka chiphokoso chimene ndingachizindikire ngakhale ndili m'tulo.

"Amayi, ndine. Muli kuti?"

"Ee, wa pa sitima. Tili bwino, tili pakhomo."

"Nanga chikulirachi n'chiyani?"

Injini ya chigayo inkangogunda.

"Ufa unatha," anatero. "Ndikanamusiya ndi ndani? Malamulo ako omwewo akuti ndisamusiye ndi munthu."

"Amayi, lamulo loyamba lija."

"Sanawoloke. Ndawoloka ndine, iye anali kumbuyo, ndamumanga ndi nsalu ziwiri. Mapazi ake sanaponde tala. Kawerengenso bwino, wa setifiketi."

Ndinafuna kukalipa, koma sanandipatse mpata. Ndinamva amayi akuti, "Tenga, uwauze amako kumene uli." Kenako kupuma kwa mwana pafoni, kwamphamvu, ngati wathamanga.

"Amama, ndili ku Mozambiki. Agogo ayera mutu."

"Inenso ndili ku Mozambiki," ndinatero.

"Sindikukuonani."

"Ndili mbali ina, ya madzi."

"Mubwere ndi nsomba," anatero, n'kubweza foni, chifukwa kunali nkhuku ina imene ankaithamangitsa.

Ndinakhala pamchenga n'kuseka mpaka misozi, amayi a ku Joni akundifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro. Ndinalephera kuwafotokozera. Ine ndinawoloka malire atatu ndi nyanja, pasipoti yodzaza zidindo, kuti ndifike m'dziko limene mwana wanga anafikamo ndi nsalu ziwiri. Ndipo anali bwino. Sanalire n'komwe atamva mawu anga, chinthu chimene chinandipweteka pang'ono, ndisaname.

Foni ndinaizimitsa n'kuiika pansi pa chikwama. Ndinavula chitenje, ndinagwira kakhadi ka m'khosi ndi dzanja limodzi, n'kulowa m'madzi mpaka m'chiuno, kenako mpaka m'khosi. Anali ofunda, amchere, owala mpaka ndinkaona zala za kumapazi. Ndinakhalamo nthawi yaitali osaganiza za phala la munthu aliyense. Ndinabwerera pa boti lomaliza lenilenilo, ndipo achemwali anandipeza pakhomo la sitima atagwira m'chiuno.

"Iwe wamantha uja, boti lomaliza?"

"Mwana ali kuchigayo," ndinawauza.

"Ndiye?"

"Ndiye palibe. Ali kuchigayo basi."

Nditabwerera kumudzi ndinapeza malamulo anga ali pomwe paja, kuseri kwa felemu, atachita fumbi. Mwana anali atanenepa. Lolemba lotsatira ndinamusiya kwa amayi tsiku lonse, ndekha n'kupita ku boma kukalembetsa kalata yake ya kubadwa. Fomu yake inali ya masamba angapo, ndipo ndinayamba kuwerenga lomaliza.