Waya wa ku Shedi ya Feteleza

Chaka chimene ndinapeza feteleza wa makuponi, matumba ankasowa m'mudzi mwathu mvula isanagwe n'komwe. Anga ndinawaika m'shedi ya fodya kuseri kwa nyumba. Maloko sindinkawakhulupirira. Ndinkafuna chinthu chokuwa.

Ndinapanga ndekha. Ndinakhomera tizitsulo tiwiri, kena pachitseko kena pafelemu, tokhudzana chitseko chikatsekedwa. M'nyumba ndinaika batire la galimoto, kaswichi kochotsa m'galimoto yakufa, ndi hutala ya lole. Tizitsulo tikalekana, kapena wina akadula waya, hutala ilire basi!

Chinatsala ndi wayayo. Ndinapalasa njinga mpaka ku Chamama, kwa bambo wina wachisilamu wogulitsa za magetsi. Ananditulutsira kawaya ka masipika.

"Aka n'kabwino, achimwene."

"Ka wailesi? Ndakuuzani kuti ndikufuna kuvina? Ndipatseni wa zikopa ziwiri."

"Iii, ukali wonsewu pa waya chabe? Nanga wakubayo mudzamudya wamuwisi?"

Akuseka choncho anatulutsa wina wotuwa, wonenepa, wa kopa weniweni mkati. Ndinamupinda, ndinamuluma, sanathyoke. Pobwerera njinga inkachita kuuluka.

Kumudutsa m'mwamba sindinafune, chifukwa akuba akanamuona ndipo ngolo ikanamukola. Ndinakanda kangalande pabwalo, n'kumugoneka, n'kuthira oyilo wakutha kuti chiswe chisayandikire, n'kukwirira. Nditatsegula chitseko, hutala inalira mpaka mbuzi zinadula zingwe. Ndinavina ndekha pabwalopo.

Sabata yomweyo kunabwera apongozi anga aakazi kuchokera kwa Simlemba. Amayi amene aja sadziwa kukhala pansi pakhomo pa mwana wawo. M'mawa ine ndili m'bafa, iwo anatenga khasu n'kuyamba kupala udzu pabwalo.

Pooooo!

Ndinatuluka ndi thaulo lokha, sopo m'maso, munsi m'manja.

"Ima pomwepo, galu iwe! Lero ndikuswa mutu!"

Nditakhota pangodya, ndinangoona apongozi ataima, khasu m'manja, waya ali pawiri kumapazi kwawo. Ine amene sindinkawayang'ana n'kumaso komwe! Anatembenuka msanga n'kukhala pansi atandifulatira. Ndinathawira kuseri kwa nkhokwe. Koma ndisaname, mumtima ndinkangoti: yagwira, yagwira ntchito!

Mkazi wanga anathamanga n'kukazula batire. Kenako anabwera kunkhokweko.

"Bambo, chinthu chanuchi chichoke lero. Mwatukwana amayi anga."

"Ndatukwana wakuba! Chikachoka, fetelezayo azimulondera ndani? Inu?"

"Kaya. Koma chichoke."

Ndinaona kuti zanga zada. Pamenepo apongozi anatsokomola. Sanatembenuke, anangolankhula ndi mwana wawo, mokweza kuti ndimve.

"Iwe, uwauze bambo akuno asachotse. Kwathu matumba anapita opanda chowakuwira, chimanga chinachita chikasu. Koma uwauzenso kuti pokwirira chinthu azikumba ngati munthu, osati kupalasa ngati nkhuku."

"Uwauze amayi kuti ndamva," ndinayankha ndili kuseri komweko.

Nditavala ndinagwira piki. Ndinakumba ngalande yolekeza m'mawondo. Waya wodukayo sindinamulumikize, chifukwa mfundo yapansi imamwa madzi. Ndinaika wina wathunthu amene anatsala. Ndinamulowetsa m'paipi yakuda ya pampu yathu yakale yakudimba, kukamwa konse n'kumanga ndi mphira kuti chiswe ndi madzi zisalowe. Podutsa ngolo ndinayala miyala. Pokwera khoma ndinamubisa m'chitsulo cha felemu ya njinga, makoswe akukute chimenecho ngati ali ndi mano.

Apongozi anapala bwalo lonse mpaka tsiku limene ananyamuka, hutala ili duu. Mvula itagwa, matumba anga anatuluka m'shedi muja onse, pangolo, ulendo wa kumunda.