Dothi la Pansi pa Misuku ya Ambuya

"Ba Jailosi, ngati muikonda iyi mitengo, muikwatile! Ine nifuna kumanga!"

Anakuwa choncho ndi Esinati, mlongo wanga wamng'ono, amene anatsala m'nyumba yathu ya ku Matero, mu Lusaka. Amisiri anali atayika kale zingwe, ndipo misuku iwiri ya ambuya inali pakati penipeni pa malo omangapo zipinda. Ankabwera kudzadula Lolemba. Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense amadziwa. Ndinamutcha mbuzi, ndinamenyetsa geti, n'kukwera minibasi kubwerera kwanga ku Chainda.

Ndili m'njira mkwiyo unayamba kutha, m'malo mwake munabwera fungo. Ndikakumbukira ambuya, atate a amayi, ndimamva fungo la masamba owola ndi dothi lonyowa losakanikirana ndi utsi wa mbaula, ndi la fodya wopera amene ankagwera pa jekete lawo la ntchito yaulonda. Anali Mchewa wa ku Katete, wosayankhulayankhula, ndipo zaka zonse zimene anakhala mu Lusaka ankayenda ngati mlendo amene anyamuka mawa.

Tsiku lina anabwera kuchokera kumudzi ndi thumba lolemera. Ana tonse tinalizungulira, tikuganiza nshawa. Atamasula, munali dothi. Dothi basi, lakuda, la timizu ndi masamba, ndi masuku akupsa okulungidwa m'nsanza pamwamba pake.

"Anzanu abwera ndi nkhuku, inu mwanyamula dothi kuchoka ku Katete?" anatero ambuya aakazi. "Mu Lusaka latha?"

"Msuku sumera pa dothi lachilendo," anayankha. "Umafuna la pansi pa amake."

Anatipatsa masuku aja kuti tidye pomwepo, ataimirira pambali kutola njere zimene tinkalavula, chifukwa njere ya msuku ikauma yafa. Anakumba maenje kuseri kwa nyumba, kuthiramo dothi lija ndi manja, n'kutchinga ndi mawaya a bedi lakale kuopa nkhuku ndi mpira wathu. Manyowa ankakana. M'mawa uliwonse, akaweruka ku ulonda, tinkamva ndowa ikulira kuchokera kumpopi, iwo asanavule ndi nsapato zomwe. Anansi ankawaseka kuti munthu wanzeru amabzala mango, osati mitengo yam'tchire imene imakula ngati ikukakamizidwa.

Inapulumuka iwiri. Umodzi unkangochita maluwa osabala, ndipo amalume atabwera ndi nkhwangwa ambuya anawaimira kutsogolo.

"Uyu ndiye mwamuna wake. Ukamudula, winayu sabala."

Pamene winawo unayamba kubala kwambiri, ine ndinali ku sekondale, iwo mano atatha ndi miyendo itakana. Kumudzi sanapitenso. Tinkawanyamula pampando kukawakhazika pansi pa masamba akuluakulu aja ouma ngati chikopa, amene amagwa ndi phokoso. Ankafinya suku, kuyamwa pang'onopang'ono, maso atatseka, madzi akutsikira m'ndevu. Tsiku lina ndinawamva akuitana mayina a anthu amene sindinawaonepo, ngati ali chapafupi.

Ine kwanga ku Chainda ndayesa kangapo. Njere zimamera, timasamba timachita chikasu, kenako ndodo youma. Ndatukwana ogulitsa dothi lakuda, ndatukwana madzi a pachitsime, ndatukwana ndi nkhuku za eni. M'minibasi muja ndi mmene ndinaona kuti chimene chimasowa chili kuseri kwa nyumba ya Esinati, ndipo Lolemba chidzakhala pansi pa simenti.

M'mawa mwake ndinatenga khasu ndi matumba awiri, ulendo ku Matero. Esinati anatsegula geti tsache lili m'manja.

"Mwabwela kutukwana futi?"

"Sinabwele kukangana. Nifuna cabe dothi."

Anapatuka kuti ndilowe. Ndinagwada pansi pa mtengo wobala uja, kupalasa masamba, n'kuyamba kukumba mosamala kuti timizu tisatsale. Thumba loyamba lisanadzale ndinamva beseni likugunda pansi pambali panga.

"Tolani na masuku," anatero. "Yagwa yambili lelo."